Jean-Luc Ponty anadutsa bwanji mitundu yonseyi ya nyimbo ndi vayolini yomweyo?

Nsambo_Zinayi
Abale, pali mawu amene ayamba kuchepa mphamvu. Masiku ano aliyense amene waliza vayolini pamwamba pa biti ya pa kompyuta akutchedwa katswiri wa mitundu yonse ya nyimbo. Ndiye ndati tiwayese mawu amenewa pa munthu amene mbiri yake ili poyera, Jean-Luc Ponty wa ku France. Anayambira mu okestra, analowa jazi, anaimba ndi Frank Zappa wa rock wa ku America, ndi John McLaughlin woliza gitala wa ku England, kenako ndi oimba a ku Cameroon ndi Senegal. Funso langa lili pawiri. Pa kusamuka kulikonse ankasintha chiyani kwenikweni, dzanja, chida, kapena anthu oimba nawo basi? Nanga ndi wopeka nyimbo weniweni, kapena ndi woliza waluso amene anangogwera m'mabandi abwino? Zongotamanda ayi, ndikufuna zogwirika.

TsabolaWakale
Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Munthu wa mitundu isanu ya nyimbo kawirikawiri sakhala mwini wa mtundu uliwonse. Kwa ine vayolini ya jazi inathera pa Stéphane Grappelli, katswiri wakale uja wa ku France.

MwiniUta
A TsabolaWakale, taimani kaye, pusi ameneyu sanagwe. Tiyambire pa maziko, chifukwa amene amadumpha gawo ili ndi amene amaganiza kuti nkhani yonse ndi ya magetsi.

Ponty anabadwa pa 29 Sepitembala 1942 ku Avranches, m'chigawo cha Normandy. Bambo ake ankaphunzitsa vayolini, mayi ake piyano. Ali ndi zaka 16 analowa Conservatoire, sukulu ya nyimbo ya ku Paris, ndipo mu 1960 anatulukako ndi Premier Prix, mphoto yapamwamba ya sukuluyo. Pasanapite nthawi analembedwa ntchito mu okestra ya Concerts Lamoureux, n'kukhalamo zaka zitatu. Mpando wa mu okestra umaphunzitsa zinthu zimene munthu sazipeza kwina. Tsamba la manotsi limene waliona koyamba m'mawa umayenera kuliimba bwino tsiku lomwelo. Mzere umodzi mumauliza anthu khumi ndi angapo, ndiye chala chikangophonya pang'ono, woyandikana naye amamva. Komanso umawerenga mabala (timagawo ta nyimbo) 40 uli chete, n'kulowa pa nthawi yake osayang'ana mnzako.

Koma pamene pagona nkhani ndi apa: jazi sanaiyambire pa vayolini. Anaiyambira pa clarinet, kenako tenor sax, makutu ake ali pa Miles Davis ndi John Coltrane, akatswiri a zida zouzira mu jazi. Pamene anabweretsa vayolini mu jazi, m'mutu mwake munali kale kalankhulidwe ka chida chouzira. Chimbale chake choyamba, Jazz Long Playing cha 1964, chimamveka choncho. Ndi vayolini yoganiza ngati sax.

Kalulu77
Mawu akuti "ngati sax" amanenedwa paliponse koma palibe amene amawamasula. Pa dzanja zimatanthauza chiyani?

MwiniUta
Zinthu zitatu, ndipo ziwiri mwa izo zili kudzanja la uta.

Choyamba ndi vibrato, kuja konjenjemeretsa chala pa nsambo. Wa classical amaiyamba noti ikangoyamba, pafupifupi noti iliyonse. Woliza sax wa bebop, jazi yothamanga ija, amayamba noti ili yowongoka, n'kuigwedeza pang'ono kumapeto ngati ili yaitali, zazifupi osazigwedeza n'komwe. Wochokera ku Conservatoire akapanda kuzimitsa vibrato, ngakhale manotsi akhale olondola, zimamveka ngati wavala suti pa bwalo la mpira.

Chachiwiri ndi malo a uta. Manotsi othamanga a jazi amalizidwa kuyambira pakati pa uta kupita chakunsonga, ndi uta waufupi, masentimita atatu kapena asanu pa noti, ubweya osachoka pa nsambo. Kuchigwiriro uta umalemera, sungayankhe msanga. Uta wodumphadumpha uja wa classical umapha swing, kayendedwe ka jazi kaja, nthawi yomweyo.

Chachitatu, chimene chimavuta kwambiri, ndi kamangidwe ka manotsi. Tengani bala ya manotsi asanu ndi atatu. Chizolowezi cha classical ndi kumanga 1-2, 3-4, 5-6, 7-8, uta n'kumasintha pa kugunda. Mu jazi mumamanga modutsa: 1 payokha, kenako 2-3, 4-5, 6-7, ndipo 8 imamangidwa ku 1 ya bala yotsatira. Uta ukusintha pakati pa kugunda, ndiye kulemera kumagwera pamenepo pokha, monga mmene lilime la woliza sax limachitira. Yesani pa sikelo wamba, metronome pa 80, ikugunda pa 2 ndi 4. Cholakwika chofala n'chakuti munthu amatalikitsa dala noti yoyamba n'kufupikitsa yachiwiri kuti zimveke swing, ndiye zimatuluka zotsimphina. Liwiro likakwera manotsi amakhala pafupifupi ofanana kutalika, swing imatsala mu uta.

TsabolaWakale
Ndiye mukuti Grappelli analibe swing poti anali ndi vibrato? Musatinamize.

Gogo_Jazi
Palibe wanena zimenezo, achimwene. Grappelli, wobadwa mu 1908, anali ndi swing ya m'badwo wake, ya Quintette du Hot Club de France imene anayambitsa ndi woliza gitala Django Reinhardt mu 1934. Kumbuyo kwake kunali magitala ndi besi, opanda madramu, ndiye vayolini yofewa, yokoma, inkamveka popanda kulimbana ndi wina. Ponty ankafuna kuima kutsogolo kwa woimba madramu wa bebop amene akumenya zitsulo mosanyengerera. Malo ngati amenewo amafuna liwu lina.

Kuti mumve kusiyana kwake pa malo amodzi, pezani chimbale cha Violin Summit, chimene chinajambulidwa ku Basel mu 1966. Muli mavayolini anayi: Grappelli, Stuff Smith wa ku America, Svend Asmussen wa ku Denmark, ndi Ponty ali mnyamata wa zaka 24. Khutu limanena lokha kuti mnyamatayo ali pafupi ndi Stuff Smith, wa uta wokhadzula, amenenso anali mmodzi mwa oyamba kulumikiza vayolini ku ampu. Chaka chotsatira, 1967, John Lewis wa Modern Jazz Quartet anamuitanira ku Monterey Jazz Festival, ndipo khomo la ku America linatsegukira pamenepo. Pakati pa iye ndi Grappelli panalibe nkhondo, anajambula chimbale limodzi mu 1973.

Ndiponso pamene Grappelli ankajambula ndi Yehudi Menuhin m'zaka za m'ma 1970, mbali ya Menuhin inkachita kulembedwa. Menuhin anali chimphona cha vayolini ya classical, koma kupeka pomwepo ndi luso lina. Sukulu yokha siiwolotsa munthu mtsinje umenewu.

Mlonda_wa_Kiyi
Ndiwonjezepo za dzanja lamanzere, poti onse athamangira ku uta. Vayolini imachunidwa G, D, A, E. Makiyi amene imakondwera nawo ndi omwewo, chifukwa nsambo zosagwira zimalira motsatira noti imene mwagwira, chida chonse n'kumanjenjemera. Jazi ya zida zouzira imakhala mu B-flat, E-flat, F, A-flat. Mu A-flat, A, D ndi E zosagwira zilibe ntchito, chida chimamveka chouma, ndipo mulibe nsambo yoyezerapo ngati chala chili pamalo. N'chifukwa chake oyamba kumene jazi amaphonya kwambiri m'makiyi amenewa. Mankhwala ake ndi kuphunzira kagwiridwe kopanda nsambo yosagwira, kamene mungakasunthe kukaika paliponse pa khosi la vayolini.

Msampha wina: mukatenga buku la masolo a tenor sax, dziwani kuti manotsi ake analembedwera chida cha B-flat. Mukawerenga momwe alili pa vayolini, mudzakhala toni imodzi pamwamba pa bandi yonse.

Chosangalatsa n'chakuti atalowa rock ndi fusion, jazi yosakaniza ndi rock, makiyi anabwerera kwawo. Gitala imakonda E, A, D, G. Ndiye kusamuka kumene anthu amakuona ngati kwakukulu kunali kopepuka kudzanja lamanzere kuposa kuchoka mu okestra kulowa bebop.

Chimkuzamawu
Kopepuka kudzanja, eya, koma walira mvula walira matope. Kufuna kumveka pakati pa madramu ndi gitala yamagetsi kumabwera ndi mavuto akeake, ndipo ndi omwewo mpaka lero.

Maikolofoni pa vayolini yamatabwa pa siteji yaphokoso sagwira ntchito. Amatola madramu kuposa vayolini, ndipo mukakweza, sipika imayamba kulira. Bokosi la vayolini lili ndi mphepo mkati imene imayankha kwambiri cha pa 270 mpaka 290 Hz. Mawu a sipika akalowa m'mabowo awiri aja, bokosi limanjenjemera, pickup (kachida kotola mawu ka pa vayolini) n'kutola, sipika n'kubwezanso, basi mluzu. Ponty m'zaka za m'ma 1970 ankadziwika ndi mavayolini a Barcus-Berry, okhala ndi pickup ya mtundu wa piezo pa bridge, kathabwa konyamula nsambo kaja. Pambuyo pake anadzagwiritsa ntchito vayolini ya Zeta, imene bridge yake imatola nsambo iliyonse payokha.

Kwa amene akulumikiza yawo, ndondomeko ndi iyi. Piezo imafuna polowera pa impedance yokwera, 1 megaohm kapena kuposa. Mukailowetsa mwachindunji pa line ya mixer, imene imakhala cha m'ma 10 kilo-ohm, mawu apansi amathawa, kumatsala kukwecha kowawa m'makutu. Anthu amatukwana pickup pamene vuto ndi polowera. Ikani preamp, kachida kolandira mawu asanafike ku mixer, pafupi, chingwe chochoka pa vayolini chikhale chachifupi, mamita awiri kapena atatu. Kenako dulani zonse za pansi pa 150 Hz, chifukwa G yapansi ili pa 196 Hz, za pansi pake ndi kugunda kwa uta posintha njira basi. Tsitsani madesibelo atatu mpaka asanu ndi limodzi pakati pa 2 ndi 4 kHz, pamene pamakhala ukali. Mluzu ukapitirira, tsekani mabowo ndi siponji yofewa, ndipo sipika yodzimvera isaloze pamimba pa vayolini.

Ampu ya gitala yamagetsi inapangidwa kuti ikweze malo omwewo amene vayolini ili kale yakuthwa. Ndiye musadabwe.

BesiWamkulu
Mwati dulani pa 150 Hz. Pa vayolini ya nsambo zisanu mwapha nsambo yonse pamenepo.

Chimkuzamawu
Mwandigwira, akulu. Ya nsambo zisanu ili ndi C yapansi pa 131 Hz, ndiye dulani cha pa 100. Ndipo Ponty analinso ndi baritone, imene pa zimbale zake imalembedwa violectra, yochunidwa octave yonse pansi pa vayolini wamba. G yake ili pa 98 Hz. Imeneyo dulani cha pa 70.

BesiWamkulu
Eetu. Ndipo nsambo yachisanu si mphatso yaulere. Nsambo ya vayolini kuchoka kumutu kufika pa bridge ndi pafupifupi masentimita 33, pamene viola, mwini wake wa C ameneyu, ndi yaitali kuposa pamenepo. C pa utali waufupi amakhala wolobodoka, amachedwa kuyankha, ndipo mukakanikiza uta noti imapotoka. Amafuna uta woyenda pang'onopang'ono, wolemera ndi mkono osati ndi chala. Komanso nsambo zisanu pa bridge imodzi zimayandikana, ndiye mukaliza D mwamphamvu uta umakhudza G kapena A. Pa vayolini yamatabwa zimabisika pang'ono, pa ampu zimamveka zonse. Phindu lake ndi lakuti woliza amatsikira kudera la sax ndi gitala, kumene mzere umakhala ndi thupi. Kwa munthu amene anayambira pa tenor, mukuona chimene ankachifuna kumeneko.

Nsambo_Zinayi
Zikomo, koma tazama m'mawaya. Nanga za Zappa ndi McLaughlin? Kumeneko anasintha chiyani?

Gogo_Jazi
Mndandanda wake uli chonchi. Mu 1969 ali ku Los Angeles anajambula ndi George Duke, ndipo chaka chomwecho Zappa anamukonzera nyimbo za chimbale cha King Kong, chimene chinatuluka mu 1970. Amamvekanso pa nyimbo imodzi ya Hot Rats ya Zappa, koma samalani, vayolini yambiri pa chimbale chimenecho ndi ya Don "Sugarcane" Harris, anthu amasokoneza. Mu 1972 analiza pa Honky Château ya Elton John. Mu 1973 anasamukira ku Los Angeles ndi banja lake n'kulowa Mothers of Invention, bandi ya Zappa, ndipo ali pa Over-Nite Sensation. Kuyambira 1974 mpaka 1975 anali mu Mahavishnu Orchestra yachiwiri, bandi ya McLaughlin, pa Apocalypse ndi Visions of the Emerald Beyond. Mu Mahavishnu yoyamba vayolini inali ya Jerry Goodman.

Kwa Zappa chimene chinagwira ntchito ndi mpando uja wa mu okestra. Nyimbo zake zinali zolembedwa, zovuta, zosinthasintha kawerengedwe, ndipo ankafuna anthu owerenga. Apocalypse nayo inajambulidwa ndi London Symphony Orchestra, wotsogolera ali Michael Tilson Thomas, wokonza chimbale ali George Martin. Ponty ankadziwa mmene okestra imapumira kuchokera mkati.

MwiniUta
Ndipo kwa McLaughlin vuto la uta linabweranso mwa njira ina, la mabala osagawika pawiri. Tengani 7/8, yowerengedwa 2+2+3. Mukapatsa noti iliyonse uta wake, bala yoyamba imayamba ndi uta wotsika, yachiwiri ndi wokwera, yachitatu wotsika. Uta wotsika ndi wolemera mwachibadwa, ndiye kugunda koyamba kumamveka bala ina, bala ina osamveka, ndipo woimba madramu amakuyang'anani. Njira imodzi ndi kumanga manotsi awiri a m'gulu la atatu lija pa uta umodzi. Mauta amakhala asanu ndi umodzi, bala iliyonse n'kuyamba motsika. Njira ina ndi kulimbitsa uta wokwera mpaka ufanane ndi wotsika, zimene zimatenga miyezi. Pa liwiro la Mahavishnu, pamene vayolini ndi gitala zikuthamanga mzere umodzi, pamafunika zonse ziwiri. Gitala imayamba noti ndi kakugunda, vayolini imachita kuikoka, ndiye kuti zigwere pamodzi wa vayolini ayenera kuluma nsambo ndi uta noti isanayambe.

TsabolaWakale
Zonsezi ndi nyimbo za eni ake. Mwayankha funso loyamba, lachiwiri mukulizemba. Wapeka chiyani iyeyo?

Mlonda_wa_Kiyi
Sitikuzemba. Pa King Kong pomwepo, pakati pa nyimbo za Zappa, pali imodzi yake. Koma kupeka kwenikweni kunayamba atasaina ndi Atlantic mu 1975. Upon the Wings of Music 1975, Aurora ndi Imaginary Voyage 1976, Enigmatic Ocean 1977, Cosmic Messenger 1978, mpaka Fables 1985. Nyimbo za m'zimbale zimenezi ankapeka yekha, kuzikonza yekha, n'kutsogolera yekha kujambula.

Kapekedwe kake kali ndi chizindikiro, mungakazindikire ngakhale vayolini isanalowe. Pansi pamakhala kachidutswa kobwerezabwereza, ka besi kapena ka kiyibodi, ka bala imodzi kapena ziwiri. Makodi sathamanga ngati mu bebop, mmene amasintha kawiri pa bala. Kodi imodzi imatha kukhala mabala anayi kapena asanu ndi atatu, n'kusunthira ina mosayembekezeka. Pamwamba pake amayala mzere wa manotsi ataliatali, umene ndi mphamvu ya uta, poti gitala noti yake imafa, ya vayolini imatha kukula. Kenako pamabwera mzere wothamanga wa onse pamodzi, wolembedwa noti iliyonse, ndipo masolo amapatsirana mwachidule m'malo moti mmodzi alankhule mphindi khumi. Nyimbo zikuluzikulu amazigawa m'zigawo: Imaginary Voyage zinayi, Enigmatic Ocean zinayi. Kameneko ndi kaganizidwe ka munthu wokulira mu symphony.

Onaninso anthu amene ankasankha. Patrice Rushen pa kiyibodi, Ralphe Armstrong pa besi, Allan Holdsworth ndi Daryl Stuermer pa magitala, Steve Smith pa madramu. Stuermer anadzapita ku Genesis, Smith ku Journey. Magitala awiri pa Enigmatic Ocean sanaikidwe mwangozi: wa Holdsworth amayenda mosalala ngati chida cha uta, wa Stuermer amadula noti iliyonse, vayolini ili pakati.

TsabolaWakale
Kachidutswa kobwereza ndi kodi imodzi mabala asanu ndi atatu. Mwafotokoza bwino chifukwa chake zimandigonetsa.

Kalulu77
Apa ndili nawo pang'ono a TsabolaWakale. Za m'ma 1970 zili ndi moto. Za m'ma 1980 zimazizira.

Chimkuzamawu
Zimazizira chifukwa anasintha woimba naye. Pa Individual Choice ya 1983 mbali yaikulu ndi iye yekha ndi ma synthesizer oyendetsedwa ndi sequencer, makina oliza okha manotsi okonzeratu. Makina sakukankha ndipo sakudikira. Woimba madramu wamoyo akamva solo ikukwera amakwera nayo, makina amangoyenda. Mungakonde kapena ayi, koma njira yake inachokera ku zimene ankachita kale ndi tepi ya Echoplex, kuliza kachidutswa n'kumaimba pamwamba pa kubwerera kwake.

Amene akufuna kuyesa, masamu ake ndi awa. Gawani 60,000 ndi liwiro la nyimbo. Pa 120, kugunda kumodzi ndi mamilisekondi 500. Chunani delay, kachida kobwereza mawu, pa magawo atatu mwa anayi a nambala imeneyo, 375, kubwerera kukhale kumodzi kapena kuwiri, mphamvu yake pafupifupi yofanana ndi noti yeniyeni. Mukaliza manotsi awiri pa kugunda kulikonse, obwerera amagwera m'mipata, ndiye zimamveka ngati manotsi anayi. Chimene chimalakwika pa vayolini n'chakuti uta wosalala umadzaza mipata yonse, zotsatira zake phala. Pamafunika manotsi odukaduka, kapena kukodola nsambo ndi chala. Noti imodzi yophonya imabwerera kawiri kudzakunenezani.

Pa distortion, kuja kokhadzulitsa mawu ngati gitala ya rock, musagwire nsambo ziwiri zotalikirana manotsi atatu, zimatulutsa mawu achilendo apansi amene amadetsa zonse. Zotalikirana asanu kapena octave zimadutsa bwino. Ndipo pa MIDI, pamene vayolini imayendetsa synthesizer, vibrato yotakata ndi kutsetsereka kwa chala zimasokoneza makina, amatulutsa manotsi amene simunalize, nsambo zapansi n'kumachedwa kuposa zapamwamba.

Mbalame_ya_Usiku
Mukukamba za kudutsa mitundu ya nyimbo osatchula amwenye? L. Shankar anali m'gulu la Shakti ndi McLaughlin yemweyo, anadzapangitsa vayolini ya makosi awiri ya nsambo khumi. Kumwera kwa India vayolini amaliza atakhala pansi, mutu wake utatsamira pa kakolo, kuti dzanja lamanzere limasuke kutsetsereka. Kachunidwe kakenso ndi kena: noti yoyambira, yachisanu, yoyambira, yachisanu.

Gogo_Jazi
Zoona, ndipo ku France komweko kunali Didier Lockwood, amene anadutsa mu bandi ya Magma asanakhazikike mu jazi. Koma amenewo atsegulireni mutu wawo, apa tingasochere.

Nsambo_Zinayi
Inde, tibwerere. Chatsala ndi Tchokola, chimbale chake ndi oimba a ku Africa. Kodi pamenepo sanangokwera basi imene inkayenda nthawi imeneyo? Aliyense ankafuna oimba a ku West Africa pa chimbale chake.

BesiWamkulu
Poyamba tikonze mawu. Amalemba kuti West Africa, koma msana wa bandi ija ndi a ku Cameroon: Brice Wassy pa madramu, amenenso anathandiza kukonza chimbale, ndi Guy Nsangué pa besi. Abdou Mboup wa ng'oma ndiye wa ku Senegal. Onsewa anawapeza ku Paris. Chimbale chinatuluka mu 1991.

Chimene chimandichititsa kukana mawu akuti anangokwera basi ndi ichi: nyimbo zambiri pamenepo si zake, ndi za oimbawo. Munthu amene kwa zaka zoposa khumi ankalemba noti iliyonse ya bandi yake anavomera kukhala mlendo. Ndipo anayenera kutero, chifukwa vuto la kumeneko silithetsedwa ndi kuwerenga. Mu 7/8 ya Mahavishnu mukadziwa powerengera mwapulumuka. Mu kayendedwe ka 6/8 ngati bikutsi wa ku Cameroon, manotsi asanu ndi limodzi omwewo wina akuwamva 3+3, wina 2+2+2, nthawi imodzi, ndipo besi kawirikawiri siitsindika pa 1. Woliza wozolowera kutsamira pa besi kuti adziwe poyambira bala amatembenuka, n'kumaimba molondola koma pamalo olakwika. Yesani: phazi ligunde kawiri pa bala, uta ulize manotsi asanu ndi limodzi motsindika katatu. Mabala asanu ndi atatu, kenako sinthanitsani, phazi katatu, uta kawiri. Ambiri phazi limatsatira uta pofika bala yachitatu.

Mvetserani mmene amalizira pamenepo. Mizere yaitali ija yachepa, akuliza tizidutswa tatifupi toyankhana ndi mawu a oimba ndi magitala. Pa No Absolute Time ya 1993 ndi pamene anabwerera ku nyimbo zopeka yekha, atatenga kayendedwe kaja n'kukaika pansi pa kapekedwe kake kakale. Nsangué anakhalabe mu bandi yake zaka zambiri pambuyo pake. Wongokwera basi amatsika pa siteji yotsatira.

TsabolaWakale
Tchokola ndiivomera. Koma ndikanamulemekeza kwambiri akanazula mawaya onse tione chotsala.

MwiniUta
Anazula. The Rite of Strings ya 1995, iye, Stanley Clarke pa besi yamatabwa ndi Al Di Meola pa gitala yamatabwa, opanda madramu. Anabwerezanso mu 2005 ndi Clarke ndi Béla Fleck wa banjo, komanso pa D-Stringz ya 2015 ndi Clarke ndi Biréli Lagrène. Pakati pake, mu 2011, anayenda ndi Return to Forever ya Chick Corea, ndipo mu 2015 momwemo anatulutsa chimbale ndi Jon Anderson wa Yes.

M'gulu la atatu lopanda madramu, wa vayolini sangaime n'kumadikira solo yake. Mnzake akamaimba, iye amagwira noti yaitali ya mkati mwa kodi motsitsa, kapena kukodola nsambo, kapena kubwereza kachidutswa ndi uta waufupi kuti nthawi isagwe. Tcherani khutu pa noti zazitali pa Rite of Strings. Zimayamba zowongoka, vibrato n'kubwera mochedwa, monga pa chimbale cha 1964 chija. Zida zinasintha kangapo, kalizidwe ndi komwe kaja kanachokera ku sax.

TsabolaWakale
Ndikamvetsera. Grappelli sindikumusiya.

Kalulu77
Funso laling'ono kwa a Chimkuzamawu tisanabalalike. Pa vayolini yamagetsi yopanda bokosi, utomoni wa pa uta ndi nsambo zimakhalabe ndi ntchito, kapena zonse ndi preamp?

Chimkuzamawu
Zimakhala nayo, mwinanso kuposa. Bokosi lamatabwa limasefa kukwecha kwa uta, piezo siisefa kanthu. Utomoni wochuluka umamveka ngati mchenga, ndiye pakani katatu kapena kanayi basi, ndipo pukutani nsambo ndi kansalu kouma mukamaliza. Nsambo zachitsulo zimayankha msanga ndipo sizisuntha kachunidwe, koma ndi zakuthwa. Za mtima wa ulusi wopanga zimafewetsa mawu, ndipo pa piezo zimagwira bwinobwino. Pa pickup ya maginito zokha ndi pamene muyenera zachitsulo, apo ayi simumva kanthu. Ngati pickup yanu ndi yolowetsa m'kampata ka m'mbali mwa bridge, onani kuti yakhala mothina koma osachita kukakamiza. Ikakhwepa imanjenjemera pa G, ikathinitsa imatsamwitsa mawu a mbali imeneyo.